Mfundo Zitatu za Ulusi Wabuluu

Enelesi, iwe ndi azing'ono ako mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za moyo wanga maso asanafe. Chabwino, ndalemba. Za kumudzi ku Mitundu ndi za sukulu imene ndinalekezera Sitandade 5 ndazilumpha dala, poti munazimva mpaka kutopa nazo. Pano ndikamba za ntchito yanga ya udobi, yochapa ndi kusita zovala za anthu, ndi za munthu mmodzi, Che Amidu, amene anatsala pang'ono kunyongedwa chifukwa cha pakamwa panga. Nkhaniyi mwakhala mukuimva mwapatalipatali kwa anthu a kuno ku Kawale. Tsopano muimve kwa mwini wake.

1968

Ndinalowa mu Lilongwe ndili mnyamata, ndi kabudula mmodzi ndi malaya awiri. Nthawi imeneyo tauni inali Old Town basi: msika, mzikiti, sitolo za Amwenye ndi mlatho. Kumene lero mukuti City Centre kunali tchire, anthu ankakumbako mbewa. Ntchito ndinaipeza kuseri kwa sitolo ina ya nsalu pafupi ndi msika, kumene kunali shedi ya malata, mabafa anayi a simenti ndi zingwe zoyanikira. Mwini wake anali Mmwenye wamfupi, wamtima wapachala koma wosasunga chakukhosi. Tinkamutcha Fasitafasita, chifukwa ndiwo mawu amene ankatipatsa m'malo mwa moni.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali kapitawo wathu, a Jumbe. Tsiku loyamba sanandipatse sopo. Anandikhazika pa benchi n'kundiunjikira malaya oyera ofanana ndendende. "Awa ndi a nyumba zisanu ndi ziwiri," anatero. "Agawe." Ine sindinadziwe poyambira. Apo anatembenuza kolala n'kundionetsa timadontho ta inki yakuda mkati mwake. Nyumba iliyonse inali ndi chizindikiro chake: ina madontho awiri, ina kamzere ndi dontho pansi, ina kamtanda. Maina sitinkalemba, poti ambiri a ife kuwerenga kunali kokakamiza, komanso eni zovala sankafuna maina awo azilendewera pachingwe. Zoti chizindikiro ichi n'cha nyumba iti zinkakhala m'mutu mwa dobi. "Kuchapa aliyense amachapa," ankatero a Jumbe. "Dobi ndi amene amabweza chovala kwa mwini wake."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti Mulungu anandipatsa kanthu. Pasanathe miyezi itatu zizindikiro zonse ndinali nditazimeza. Ndinkadziwanso kuti malaya awa batani lachitatu n'lachilendo, thalauza ili thumba lakumanzere linasokedwa ndi ulusi wina. Kasitomala akabwera akulalata kuti tamutayira jekete, Fasitafasita ankangondiitana, ine n'kunena kuti jeketelo linatuluka Lachiwiri, analandira ndi mlamu wanu, anavala nsapato zofiira. Munthu ankabwerera mchira uli pansi. Sindikudzitama, ndikunena zimene zinali. Anzanga anandipatsa dzina loti Kaundula, ndipo dzina limenelo ndinkalikonda kuposa la ubatizo.

1976

Likulu litasamukira kuno, ntchito inakula modabwitsa. Kuja kutchire kunamera maofesi, ndipo ku Eriya 10, 11 ndi 12 kunamangidwa nyumba za mabwana, za mipanda ya maluwa ndi agalu onenepa. A Jumbe anapuma, ine n'kupatsidwa njinga yakuda ya kaliyala wamkulu kuti ndizikatenga zakuda ndi kukatula zoyera. Chaka chomwecho ndinakwatira amayi anu, a Nambewe, tinapeza nyumba ino. Kushediko Fasitafasita anakokera magetsi, simbi zonse za makala anazigulitsa, tinayamba kusitira ayironi. Zimenezi muzisunge m'mutu.

Kenaka zinthu zinayamba kusowa. Katundu wochokera kudoko ankachedwa, sopo tinkachita kudula ndi ulusi kuti akwane, sitachi tinkapanga tokha ndi chinangwa. Inki yathu ija inatheratu osabweranso. Nzeru ya ulusi ndinabwera nayo ndine: pangodya ya nsalu kapena mkati mwa kolala tizisoka timfundo, mtundu wa ulusi ndi kuchuluka kwa mfundo kuzinena nyumba. Fasitafasita anandigwira paphewa n'kuti, "Kaundula, iwe mutu wabwino." Lamulo lake lalikulu linali limodzi: katundu wa kasitomala sagona kunyumba kwa wantchito, wopezeka watero ntchito yatha tsiku lomwelo. Lamuloli linabwera mnzathu wina atakavina ukwati ku Mchesi atavala suti ya kasitomala, mwini suti ali pomwepo pa ukwatipo.

Lachisanu lililonse ndinkatula mitolo itatu mumzere umodzi ku Eriya 10. Nyumba yoyamba inali ya mzungu wina wa zamisewu, mfundo imodzi yofiira. Yachiwiri inali ya a Mhone, kalaliki wamkulu m'boma, mfundo zitatu zabuluu. Yachitatu, ya mfundo ziwiri zobiriwira, inali ya bwana wina wamkulu kuchipani, amene dzina lake ngakhale lero dzanja langa likukana kulemba. Mabedishiti a nyumba zitatuzi anali oyera, a mpukutu umodzi, ogulidwa m'sitolo ya Fasitafasita yomwe ija. Popanda mfundo, ngakhale ine sindikanawasiyanitsa.

Kwa a Mhone khukhi wake anali Che Amidu, Myao wa ku Mangochi, wamkulu kwa ine ndi zaka khumi, wofatsa ngati alibe ndulu. Ndinkachita dala kufika itadutsa thu koloko, iwo atabwerako ku mzikiti, chifukwa ankandisungira tiyi wamkaka ndi kachidutswa ka keke ya bwana. Tinkakhala pa sitepe ya khitchini, iwo n'kumandiyesa: "A Kaundula, mwezi watha Lachisanu lachiwiri ndinavala chiyani?" Ndikayankha ankaseka mpaka kofia kugwa. Ankauza magadeniboyi onse a mumzerewo kuti dobi uyu akanena chinthu, musatsutse.

Meyi 1979

Lolemba lina m'mawa anthu odula bango anapeza mtembo mumtsinje wa Lingadzi, wokulungidwa mu bedishiti yoyera. Anali mtsikana dzina lake Agnesi, taipisi wa mu ofesi ina ku City Centre, amene ankakhala ndi mayi ake ku Biwi. Wina anamukanyanga pakhosi. Lachitatu kushedi kwathu kunabwera wapolisi wovala wamba atakwapatira phukusi la pepala. Dzina lake ndilisiya, ndizingoti a Sajeni. Ndinene chilungamo: munthu ameneyu sanandimenyepo ngakhale khofi limodzi. Ankayankhula motsitsa, ngati abusa odzaona wodwala.

"Ndamva kuti pano pali munthu wosaiwala," anatero.

Fasitafasita anandikankhira kutsogolo. A Sajeni anafunyulula ngodya imodzi yokha ya nsaluyo. Mfundo zitatu zabuluu, kusoka kwa dzanja langa. Pambali pake panali popserera ndi timabowo titatu.

"Ya kwa a Mhone, ku Eriya 10," ndinatero ndisanaphethire n'komwe.

Pamenepo sindinalakwe, ndipo mpaka lero ndikhoza kulumbira. Koma a Mhone anali kunja ku kosi, mayi ndi ana ali kwawo ku Mzimba, makiyi a nyumba ali ndi khukhi. Tsiku lomwelo apolisi anawatenga Che Amidu. Iwo anakana, anati nsalu yopserera sanaionepo m'nyumbamo, ndipo atawerenga mabedishiti a m'kabati anapezeka okwanira. Tsono mlandu unatsamira pa ine. Pankafunika munthu wolumbira kuti nsalu imeneyi, yopsererayi, inalowa m'manja mwa Che Amidu. Masiku amenewo mlandu wakupha unkapita kubwalo la mafumu, kopanda loya, ndipo mapeto ake chinali chingwe.

Anandiitana kupolisi katatu. Ulendo woyamba anandipatsa mpando ndi tiyi.

"Nsaluyi analandira ndani?"

"Nthawi zonse amalandira ndi Che Amidu, bwana."

"Za nthawi zonse sindikuzifuna, a Kathumba. Ndikufuna tsiku la nsalu yopsererayi. Dobi wosamala ngati inu mungapereke nsalu yopserera osapepesa?"

"Ayi, sindingatero."

"Ndiye munapepesa kwa ndani? Musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani mukaganize."

Ndinapita ndikuganiza, ndipo pofika pa mlatho ndinali nditayamba kuona. Ndinaona Che Amidu ataima pakhomo la khitchini. Ulendo wachiwiri a Sajeni anafunsa kuti kodi ankachita chiyani, ine n'kuona ufa woyera m'manja mwawo, ankakanda buledi. Anafunsa ngati galu analipo, ine n'kumva galu akuuwa kugalaja. Ulendo wachitatu ndinamva ndi mawu omwe: "A Kaundula, mwawotcha nsalu ya bwana." Ndinawamva bwinobwino, ndi kalankhulidwe kawo ka Chiyao komwe. Ana anga, sindinapeke. Wopeka amadziwa kuti akupeka. Ine ndinkaona ngati mmene ndikuonera tebulo ili, ndipo ndikabwereza, chithunzicho chinkanka chiwala. Ndinasaina sitetimenti mtima uli zii, chisoni chokha chili cha mnzanga amene ndinkayesa kuti sindinamudziwe bwino.

Potuluka ndinakumana ndi mayi ake a Agnesi atakhala pa benchi, mayi wochepa thupi, atamanga mpango wakuda. Wina anawalozera kuti dobi uja ndi uyu. Anagwada pasimenti n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Bambo, Mulungu adalitse mutu wanuwo," anatero. Sindibisa, ndinapalasa njinga pobwerera ndikudzimva kuti ndine munthu.

Juni 1979

Linali Lamulungu masana, titabwerako kutchalitchi. Amayi anu ankatong'ola chimanga pakhonde, iwe Enelesi ukulimbana ndi zitsononkho. Mlandu unali utatsala milungu iwiri kulowa m'bwalo, ndipo ine ndinkayeserera umboni wanga mokweza, monga mwana wokonzekera mayeso. Nkhani ya mtembo amayi anu ankaidziwa, koma za nsaluyo ndinali ndisanawafotokozere mwatsatanetsatane. Nditafika pa timabowo, manja awo anaima.

"Timabowo tingati?"

"Titatu, pafupi ndi mfundo."

"Bambo a Enelesi, nsalu imeneyo ndinawotcha ndine."

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Anandikumbutsa Lachisanu lina la mu Okutobala chaka chapitacho, pamene wamkulu wa dziko ankadutsa. Achinyamata a chipani anatseka msewu wa ku City Centre kuyambira m'mawa n'kundibweza ndi mitolo yanga itatu. Sitolo zonse zinali zotseka, Fasitafasita atakhoma geti. Ndinalibe kolowera, ndinabwera nayo kuno mitoloyo n'kuisanjikiza pamphasa, ine n'kupita kukamatitsa chubu. Tsikulo ndinalikumbukira ndithu, linangoti mbee. Ndinali nditalikwirira chifukwa linali tsiku lophwanya lamulo.

Tsono iwe mayi wolemekezeka, amene lero ukuyendetsa ofesi, unali khanda lokwawa. Amayi ako anakugoneka pamwamba pa mitolo yofewayo, iwe n'kuithira madzi a dalitso mpaka pansi. Ine nditabwera anandiuza kuti achapako pang'ono, ndinakalipa, nkhani n'kutha. Ndinkayesa anamasula mtolo wapamwamba wokha. Ayi ndithu, anamasula yonse itatu, anachapa mabedishiti, dzuwa la Okutobala n'kuwaumitsa, anawasita ndi simbi yathu ya makala. Khala linathothoka n'kugwera pangodya, chidendene cha simbi n'kusiyanso banga pomwepo. Chifukwa choopa ukali wanga anapinda popserera pakhale mkati, n'kumanganso mitolo mongowerenga: uwu anayi, uwu asanu ndi limodzi, uwu anayi. Za mfundo sankazidziwa, ankayesa n'zigamba. Loweruka mbandakucha ine ndinathamanga nayo osaimasula, n'kumangopatsira pageti kwa aliyense wotsegula. Ndipo Loweruka m'mawa Che Amidu ankakhala ali kumsika.

"Ndiye kuti popsererapo inu simunapaone n'komwe," anatero amayi anu. "Munapepesa bwanji chinthu chimene simunachione?"

Ndinapsa mtima zedi. Ndinati mutu wanga sunama, tauni yonse ikudziwa, mkazi wa kumudzi asandiphunzitse ntchito. Ndinanena mawu ena amene ndinawapepesa kwa zaka zambiri. Iwo anangoyambanso kutong'ola, n'kunena osandiyang'ana: "Mawa mukatenge nsanza, mukaiwotche ndi ayironi ya kuntchito kwanu, muone ngati mutuluke timabowo."

Lolemba ndinachita zimenezo. Ndinawotcha nsanza zinayi. Ayironi ya magetsi imasiya banga lofiirira, ukailekerera imadya nsalu yonse, koma timabowo tozungulira ngati ta njenjete imeneyo ndi ntchito ya khala. Dobi wa chaka chimodzi amadziwa zimenezi. Ine wa zaka khumi ndi chimodzi ndinaziona pa tebulo la a Sajeni katatu konse, osaziona, chifukwa ndinali wotanganidwa ndi kukumbukira. Ndinakhala pa benchi ya a Jumbe ija. Choopsa n'chakuti ngakhale pamenepo, nsanza ili m'manja, Che Amidu ndinkawaonabe pakhomo paja ndi ufa wawo.

Masiku atatu ndinayenda ngati wodwala malungo. Ndinkawerengera zimene nditaye. Kukanena zoona kunali kuulula kuti katundu anagona kwathu, ndiye kuti ntchito yatha, mwana ali wamng'ono, wina ali m'njira. Kunali kulowetsa amayi anu m'kamwa mwa apolisi. Kunali kuuza boma kuti pepala losainidwa n'labodza, m'masiku amene munthu ankasowa chifukwa chongofunsa mtengo wa khadi la chipani. Kunalinso kutchula nyumba yachitatu ija. Ndipo ndisaname, chinkandiwawa kwambiri chinali dzina. Kaundula akanena kuti ndinalakwitsa, watsala ndani? Mtima wina unkati khala chete, mwinanso anapha ndi iwo omwewo, iwe ukudziwa bwanji. Koma yankho lake linali lomwelo: sindikudziwa. Munthu sanganyongedwe pa chinthu chimene ine sindikudziwa.

Lachinayi m'mawa ndinavala malaya a kutchalitchi. Amayi anu sanafunse kumene ndikupita. Anakhuthula phulusa m'simbi, anaikulunga m'chitenje n'kuimangirira pa kaliyala.

A Sajeni anandilandira ndi nkhope yowala, ankayesa ndakumbukira zina. Ndinaika simbi pa tebulo n'kupempha kuti atulutse nsalu ija. Nditaika chidendene cha simbi pa banga lopserera, chinakhala ndendende. Ndinafotokoza zonse, kuyambira kutsekedwa kwa msewu mpaka mkodzo wako, Enelesi, umene unalembedwa m'mapepala a boma.

"Nanga ufa uja? Galu uja? Mawu aja?" anafunsa.

"Ndinazitola m'ma Lachisanu ena, bwana, n'kuzisoka pamodzi. Mawuwo sindikudziwa kumene ndinawatenga. Sananenedwe."

"Munalumbira."

"Ndinalumbira, ndipo ndinalakwitsa. Nsalu ndi ya kwa a Mhone, koma kumene inapita Loweruka lija sindikudziwa. Ikhoza kukhala nyumba iliyonse mwa zitatu. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'manja mwa Che Amidu sindinaiike."

"Zitatu zake ziti?"

Ndinatchula ya mzungu, analemba. Ndinatchula ya a Mhone, analemba. Nditatchula yachitatu, cholembera chinaima. Anadzuka, anakatseka chitseko, anabwerera pampando wake.

"A Kathumba, nyumba yachitatuyo sindinaimve."

"Ndaitchula, bwana. Ndibwereze?"

"Musabwereze. Muli ndi mwana." Anapumira m'mwamba n'kunena chapansipansi, ngati akudziuza yekha, "Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Mumvetse bwino apa. Sindikunena kuti anapha Agnesi ndi a m'nyumba imeneyo. Sindikudziwa, ndipo ndinaphunzira mowawa kusanena zimene sindikudziwa. Ndikungonena kuti palibe anapita kukagogoda pageti limenelo n'kupempha kuwerenga mabedishiti. Sitetimenti yachiwiri inalembedwa ndi nyumba ziwiri, koma mawu ofunika analowamo: sindinapereke nsaluyo kwa khukhi. Ndinawerengetsa kawiri ndisanasaine. Kenaka ananditsekera m'chitokosi masiku asanu ndi anayi, akuti chifukwa chotayitsa boma nthawi, kuti mutu uzizire. Amayi anu apolisi anawafunsa tsiku limodzi n'kuwasiya.

Nditatuluka, Fasitafasita anandiitanira mu ofesi. Misozi inali m'maso, koma anati lamulo ndi lamulo, akandisiya ine mawa aliyense atenga suti. Sindinamuderere. Anandilola kutenga benchi ya a Jumbe. Dzina la Kaundula linafa sabata yomweyo, kumsika anayamba kunditcha Ndaiwala. Zimenezo ndinapirira. Chimene sindinachipirire bwino ndi tsiku limene ndinakumana ndi mayi ake a Agnesi pa depoti ya basi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Munati mukukumbukira."

"Ndinalakwitsa, mayi."

"Anakupatsani zingati?"

"Palibe anandipatsa kanthu. Ntchito yomwe yandithera."

"Ndiye mwana wanga anadzikulunga yekha m'nsalu muja?" Anakonza mpango wawo n'kuti, "Mwandiphera mwana kachiwiri." Mawu amenewo ndinawalandira, ndipo sindinawatulepo pansi. Mayiwo anamwalira osadziwa amene anapha mwana wawo, ndipo sanapezeke mpaka lero.

1980

Ndinakhoma kashedi kuseri kwa nyumba ino n'kuyamba kuchapira aphunzitsi ndi makalaliki a ku Kawale, ndi simbi yomwe ija. Tinavutika zaka ziwiri, mpaka ndinapeza malo ochapa pa hositelo ina ya sukulu ya ntchito, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Kumeneko ndinkalemba chilichonse m'kope, anyamata n'kumandiseka kuti mdala sakhulupirira mutu wake. Ndinkawauza kuti mutu wanga ndi wabwino kuposa yawo yonse kuphatikiza, n'chifukwa chake ndimaulondera.

Mlandu wa Che Amidu sunalowe m'bwalo, poti mboni inali ine ndekha. Komabe anawasunga pa rimandi miyezi ina isanu ndi itatu, kenaka anangowatsegulira geti osanena kanthu. Nditamva kuti atuluka ndipo akukhala kwa mbale wawo ku Old Town, ndinapita Lachisanu kukawadikira panja pa mzikiti. Anatuluka pomalizira, ataonda, ndevu zitachita imvi, nsapato zili m'manja. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma anatuluka ochepa.

"Che Amidu, ndinakunamizirani. Ndikhululukireni."

Anakhala pa sitepe n'kundikodola kuti ndikhale nawo. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, ndipo kukanandipepukira.

"A Kaundula," anatero, ndipo anali munthu woyamba kunditcha choncho m'miyezi yonseyo, "pepala lanu lija a Sajeni ankandiwerengera kawirikawiri. Poyamba ndinkakana. Ndinkati dobi wasokoneza. Koma m'chipinda muja mulibe chochita, umangoganiza. Ndinkadzifunsa kuti munthu uyu zaka zonsezi analakwitsapo liti? Tsiku lina ndinayang'ana manja anga, ndinaona ufa. Kenaka ndinamva galu. Kenaka ndinadzimva ndikunena kuti mwawotcha nsalu ya bwana."

"Simunanene zimenezo."

"Dikirani. Ndinati ngati Kaundula akukumbukira, woiwala ndine. Ndipo ngati ndaiwala nsalu, mwina ndaiwalanso mtsikanayo. Ndinayamba kumufunafuna m'mutu, ndipo nkhope inayamba kubwera, ine amene sindinamuonepo. Ndinauza woyang'anira kuti Lachisanu aitane a Sajeni, ndidzasaine kuti ndine. Inu munapita Lachinayi."

Ndinaganiza za masiku atatu aja amene ndinkayendayenda ndikulira dzina langa.

Iwo anavala nsapato imodzi, n'kuima. "Tsono ndifunse, poti inu ndi amene mumadziwa. Nsalu ija sindinailandiredi?"

"Simunailandire, Che Amidu. Munali kumsika. Ndikulumbira."

"Munalumbiranso kale," anatero, osati monyoza, koma ngati munthu wofunadi kuthandizidwa. Anavala nsapato inayo, anandigwira dzanja, n'kutsetsereka kulowera kumsika. Mwezi wotsatira anabwerera ku Mangochi ndipo sitinaonanenso.

Chimene ndinachita Lachinayi lija ndikanachitanso lero, ndipo sindichita nacho manyazi pamaso pa munthu aliyense. Koma mudziwe kuti bambo anu, ndi zonse zimene akudziwa, akatsinzina amawaonabe Che Amidu ataima pakhomo la khitchini, ufa uli m'manja, akulandira nsalu imene sanapatsidwe.